KUYENDA PA GOMBE LA NYANJA YAMCHERE

Ana inu a ku Chonde, kodi mudziwa kumene apita madzi a mvula ya kwathu kuno? Atsikira mu Thuchila, nalowa mu Ruo. Ruo akomana ndi Shire pa Chiromo, Shire athira mu Zambezi, ndipo Zambezi atula madzi ake m'nyanja yaikulu yamchere, dzina lake Indian Ocean, m'dziko la Mozambique.

Nyanja imeneyo ili ndi khalidwe losaoneka kwathu. Tidziwa kuti Chilwa aphwa pa zaka za chilala, monga anauma mu 1968 ndi mu 1995. Koma nyanja yamchere iphwera kawiri tsiku lililonse, nidzalanso kawiri. Madzi abwerera m'mbuyo maola ngati 6, nasiya mchenga pamtunda; atatero adzanso maola ena 6. Pa doko la Beira, masiku ena madzi akwera ndi kutsika mamita 6.

Madzi ataphwera, munthu akhoza kuyenda pamene m'mawa panapita mabwato. Mchenga wonyowa uli wolimba, sutopetsa miyendo monga wouma uja. Poyenda aona zigoba za nkhono za maonekedwe ambiri, ndi tinkhanu tothawira m'mauna mwao pakumva mapazi. M'timathamanda mutsala tinsomba tolindira nyanja. Mabwato agona chammbali pamchenga, ndipo akazi awerama ndi madengu ao, kutola nkhono za ndiwo. Pamathiriro a mitsinje pamera mitengo yokonda matope amchere, mizu yake ili poyera. Pamenepo musapitepo, pakuti matopewo amiza miyendo. Mutengenso madzi akumwa, popeza a m'nyanja aonjeza ludzu.

Nanga chibweza madzi nchiyani? Ndiwo mwezi. Isaac Newton, wa ku England, analongosola ichi mu 1687. Mwezi ukoka madzi, ndipo aunjikana mbali ya dziko yopenyana nao, ndiponso mbali ya kuseri kwake. Tsono dziko pozungulira, gombe lililonse lipyola miulu iwiriyo tsiku limodzi. Popeza mwezi uchedwa kutuluka tsiku ndi tsiku, madzinso achedwa mphindi ngati 50. Mwezi ukakhala kumene, ndiponso ukakhala wathunthu, dzuwa lithandizana nao kukoka. Masiku amenewo madzi athawa kutali koposa, nabwera ambiri koposa.

Apa ndipo pagona ngozi. Mlendo ayesa kuti madzi adzadzera kutsogolo kokha, nayenda osacheuka. Koma gombe lili ndi makwawa ake; madzi pobwera ayamba kudzaza makwawawo, ngakhale ali kumbuyo kwa munthu. Podzazindikira, aima pa kachisumbu ka mchenga, ndipo kachisumbuko kali nkuchepa. Pamchenga posalala madzi afulumira, ndipo wosadziwa kusambira amira pamalo pomwe anatolapo nkhono.

Chifukwa chake woyenda wanzeru ayamba wafunsa asodzi nthawi ya madzi. Anyamuka madzi akali kuphwera, acheukacheuka panjira, nabwerera asanatembenuke. Ngakhale amalinyero a pa doko la Chinde, pamene akatundu a dziko lino ankalowera kuyambira mu 1891, analindira madzi adzale asanapyoze ngalawa zao pa mchenga wa pakhomo pa mtsinje. Nyanja ingobwereka munthu gombe lake maola owerengeka, ndipo pa nthawi yake idza kudzalitenga.

Mafunso

1. Tchulani mitsinje yotengera madzi a ku Chonde kunyanja yamchere.
2. Kuphwa kwa Chilwa kusiyana bwanji ndi kuphwera kwa nyanja yamchere?
3. Ngati lero madzi aphweratu pa 8 koloko m'mawa, mawa adzaphweratu nthawi yanji?
4. Woyenda pagombe ayenera kucheuka chifukwa ninji?