TSACE LA MAGETSI NDI MKANGANO WA KUNYANYALA KATUNDU WAKUNJA

Tambala akalira kaciwiri, mau oyamba kumveka pamudzi ndiwo a tsace. Mai wa pabanja awerama, nasesa m'nyumba, pakhonde ndi pabwalo, ndipo dzuwa lisanawombe denga la nkhokwe ponse payera. Tsacelo anazula yekha kudambo, kapena analigula kwa mnansi wace. Likatha amanga lina, ndipo palibe mlandu. Koma ku maiko a Ulaya ndi America nchito yomweyi ya kusesa yautsa mkangano waukulu, umene walowamo anthu acuma, oweruza milandu ndi anchito a m'mafakitale. Mwezi uno ndifuna kukusimbirani nkhani imeneyi, pakuti muli phunziro la munthu ali yense wogula kanthu ndi ndalama yace.

Ciyambi ca makinawa

Kumeneko cisanu ncoopsa, ndipo anthu amayala pansi nsalu zocindikala zaubweya, zimene azicha makapeti. Fumbi likalowa m'ubweyamo tsace silingalicotse. Wosesa angoliutsa, libweranso kudzakhala pomwepo. M'caka ca 1901 mmisiri wa ku London, Hubert Cecil Booth, anaganiza kuti fumbi lotere lifunika kuliyamwa. Anayala kansalu pampando, nayamwa ndi pakamwa pace, napeza fumbi litamatirira kunsi kwa kansaluko. Makina amene anapanga anali akulu ndithu, okokedwa ndi kavalo. Anali kuima pamseu, ndipo mipope yaitali inali kulowa m'nyumba pa mazenera. M'caka ca 1902 anayeretsa kapeti ya ku Westminster Abbey asanalonge ufumu Edward VII.

Makina aang'ono oyenera banja anacokera kwa munthu wosauka. James Murray Spangler anali wosesa m'sitolo ku Canton, m'cigawo ca Ohio ku America, ndipo fumbi linali kuutsa cifuwa cace ca mphumu. Anatenga injini yaing'ono, bokosi, mpini wa tsace ndi thumba la mtsamiro, nazilumikiza pamodzi. M'caka ca 1908 anagulitsa nzeruyo kwa William Hoover, wosoka zikopa, ndipo dzina la Hoover linachuka kotero kuti ku England anthu amacha makina onse otere ndi dzinalo.

Kagwiridwe kace nkosabvuta kumva. Injini izunguza timapiko, timapikoto tikankha mpweya kuturuka kumbuyo, ndipo mpweya wina uthamangira kulowa pakamwa pa makina, nutenga fumbi, monga munthu amayamwa madzi ndi bango. Mpweya upyola thumba kapena sefa, fumbi litsala m'kati.

Makina oyenda okha

M'caka ca 2002 kampani ya iRobot ya ku America inayamba kugulitsa makina ochedwa Roomba. Ngobulungira ngati kalicero, ndipo amayenda okha pansi popanda wowagwira. Akagunda khoma atembenuka. Atsopano ali ndi kamera kapena kuwala koyezera mtunda, ndipo amalemba mapu a nyumba yonse, nadziwa cipinda ciri conse. Batire ikafooka abwerera okha pamalo pao kukatenga moto.

Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Wanchito amene ali ndi maso angathenso kukhala kazitape. M'caka ca 2022 kunamveka kuti zithunzi zojambulidwa m'nyumba za anthu ndi makina oyesera a kampaniyo, cina ca mai ali kucimbudzi, zinafika pa Facebook kupyolera mwa anthu olembedwa nchito ya kuzisanthula. Mabanja ambiri anayamba kufunsa kuti, kodi mapu a nyumba yathu amasungidwa kuti, ndipo awaona ndani?

Mkwiyo wa anchito

Cifukwa cacikulu ca mkangano ndico cakudya ca anthu. Eni makampani anaona kuti ku Asia malipiro a anchito ngocepa, nayamba kusamutsira mafakitale kumeneko. James Dyson wa ku England, amene anapanga makina opanda thumba m'caka ca 1993, anasamutsa nchito yopanga makinawo kucokera ku Malmesbury kunka ku Malaysia m'caka ca 2002, ndipo anthu ngati 800 anataya nchito. Fakitale yakale ya Hoover ku North Canton inatsekedwa m'caka ca 2007, patapita zaka pafupifupi 100 ciyambire. Taganizani mudzi umene gogo, atate ndi mwana onse analowa pa cipata cimodzi m'mamawa, lero cipataco ncokhoma! Ndiye cifukwa cace ena anena kuti: tisagule konse makina opangidwa kunja, kuti ndalama zathu zitsale kwathu, ndi ana athu apeze nchito.

Kumene kunyanyala kunapambana

Kunyanyala kuli ndi mphamvu, ndipo dzina lace la pa Cingerezi linacokera kwa munthu. M'caka ca 1880 ku Mayo, m'dziko la Ireland, kunali kapitao wa minda dzina lace Charles Boycott, wokhometsa msonkho wa malo m'dzina la Lord Erne. Zokolola zinalephera, alimi napempha kuti msonkho ucepe koposa m'mene mwini malo analolera, koma anayankhidwa ndi makalata owacotsa pamalo. Anthu sanatenge nthungo kapena mfuti. Anchito a Boycott anasiya makasu, a masitolo anakana kumgulitsa kanthu, ngakhale wonyamula makalata analeka kufika pakhomo pace. Kuti mbeu zace zikololedwe panafunika anthu 50 ocokera kutali, olonderedwa ndi asilikali ndi apolisi ngati 1,000, ndipo ndalama zolondera zinaposa kutali mtengo wa zokololazo. Caka cisanathe Boycott anacoka ku Ireland. Amene anapangira anthu kuti mcitidwewu auche ndi dzina la kapitaoyo anali wansembe wa m'deralo, Bambo John O'Malley.

Taonani cimene cinawapambanitsa. Colakwa cinali cimodzi codziwika, wocimwa anali mmodzi wodziwika, ndipo mudzi wonse unagwirizana, pakuti mutu umodzi susenza denga. Malemu Papa Francis, m'kalata yace Laudato Si' ya caka ca 2015, anayamika magulu a ogula amene pokana katundu wina amakakamiza makampani kusintha njira zao zoipa, nakumbutsa ciphunzitso ca Papa Benedict XVI cakuti kugula kuli nchito ya cikumbumtima.

Wakunja ndani?

Apa mpamene pali mfundo yobvuta kumasula. Munthu wa ku America akati agule Hoover cifukwa ndi dzina la kwao, apeza kuti kuyambira 2007 dzinalo liri m'manja mwa Techtronic Industries ya ku Hong Kong. Wa ku Ulaya apeza kuti Hoover wa kumeneko ali m'manja mwa Haier ya ku China kuyambira 2019. M'caka comweco Dyson inalengeza kuti likulu lace lisamukira ku Singapore.

Nkhani ya Roomba iposa zonsezi. M'caka ca 2022 kampani ya Amazon inafuna kugula iRobot ndi madola 1.7 biliyoni, koma mu January 2024 inabwerera m'mbuyo poona kuti akulu oyang'anira malonda ku Ulaya sadzalola, ndipo anchito ngati 350 anacotsedwa. Pamenepo makampani a ku China, monga Roborock, Ecovacs ndi Dreame, anali kugulitsa makina ocenjera pa mtengo wopikisana. Boma la America linakweza msonkho wa katundu wolowa m'dziko m'caka ca 2025 pofuna kuchinjiriza mafakitale a kwao. Koma popeza Roomba anali kupangidwa ku Vietnam, msonkhowo unapweteka kampani yao yomwe. Walira mvula walira matope. Mu December 2025 iRobot inapita kubwalo la milandu kukabvomera kuti yalemedwa ndi ngongole, nilola kuperekedwa kwa Picea ya ku Shenzhen, imene inali kuipangira makinawo.

Ngakhale makina osonkhanitsidwa m'dziko la wogula ali ndi ziwalo za maiko ambiri. Mabatire ambiri ali ndi mwala wochedwa cobalt, ndipo woposa theka la mwala umenewu pa dziko lonse ukumbidwa ku Congo. Tsono wonyanyala adzanyanyala ciwalo citi? Ndiponso tisaiwale kuti mai wogwira nchito m'fakitale ya ku Malaysia kapena ku Vietnam nayenso ali ndi ana ofuna cakudya. Iye sanalande nchito ya munthu. Anangolandira imene anampatsa.

Sindikuti kugula ca kwanu nkosatheka. Kampani ya Numatic, ya ku Chard m'cigawo ca Somerset ku England, yakhala ikupanga makina ochedwa Henry kuyambira 1981, ndipo anthu amawakonda cifukwa ngolimba, ndi ziwalo zace zipezeka. Ogula sacita kukokedwa ndi mbendera. Ubwino wa katundu ndiwo uwaitana.

Za m'tsogolo

Njira zitatu zioneka kale. Yoyamba, cingwe ca magetsi cirikutha: m'caka ca 2018 Dyson inanena kuti yaleka kukonza mitundu yatsopano ya makina a cingwe, niika mtima pa a batire. Yaciwiri, makina adzadya magetsi ocepa: maiko a European Union analetsa makina oposa mawati 1,600 m'caka ca 2014, natsitsa malirewo kufika 900 m'caka ca 2017. Yacitatu ndiyo ya kukonza. Batire imakalamba, ndipo anthu ambiri amataya makina onse cifukwa ca kaciwalo kamodzi. Bungwe la United Nations linawerenga kuti m'caka ca 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo za magetsi, ndipo zosafika gawo limodzi mwa magawo anai ndizo zinasonkhanitsidwa kuti zigwirenso nchito. Cifukwa cace m'caka ca 2024 maiko a Ulaya anakhazikitsa lamulo lakuti opanga katundu wina, makina oyamwa fumbi ali m'gulumo, azimkonza akaonongeka, pa mtengo woyenera.

Lamulo limeneli lingathandize anchito koposa kunyanyala kwa cisawawa, pakuti makina angapangidwe kutsidya kwa nyanja, koma wokonza akhala m'mudzi mwa wogula, ndipo ndalama ya kukonzetsa itsala pomwepo.

Tsono, abale anga, ngakhale ambiri a ife tidzasesabe ndi tsace, mafunso a anthu ajawa ali athunso tikamagula nyale ya dzuwa, wailesi kapena njinga. Musafunse dzina la dziko lokha. Funsani ngati cinthuco cidzakhalitsa, ngati ziwalo zace zipezeka pafupi, ngati mmisiri wa pamsika angacikonze, ndi ngati amene anacipanga analandira malipiro acilungamo. Mukadziwa bwino kuti wogulitsa wakuti adyera anchito ace masuku pamutu, gwirizanani ndi anzanu, mumkane poyera ndi mwamtendere, monga anacita alimi a ku Mayo. Koma musakane munthu cifukwa cakuti ali mlendo cabe.