Dzimbiri la pa Disiki ya Buleki Silifuna Oilo

Mvula ikagwa usiku, kapena galimoto ikatsukidwa madzulo, m'mawa mwake chitsulo chozungulira chimene chili kuseri kwa gudumu lakutsogolo chimapezeka chitafiira ndi dzimbiri. Amakanika amachitcha disiki. Pamalo pogwira mapadi sichipakidwa penti, pakuti buleki imagwira mwa kukhuza: mapadi awiri amapana disikiyo mpaka gudumu litaima. Chitsulo chosaphimbidwa chotere chikakumana ndi madzi ndi mpweya, maola ochepa okha akwanira.

Dzimbiri la usiku umodzi n'lapamwamba chabe. Yendetsani galimoto pang'onopang'ono pabwalo, mukuponda buleki kangapo. Mudzamva kukwecha, kenaka kudzaleka, disiki n'kuyambanso kuwala.

Chodabwitsa n'chakuti mlimi wosamala zida zake ndiye angalakwitse msanga. Nyengo yolima ikatha timatsuka pulawo ndi makasu n'kuzipaka oilo wakale, ndipo timachita bwino. Koma dzanja lozolowera limafuna kuchita chimodzimodzi pa disiki. Musayerekeze n'komwe. Oilo kapena girisi amalowerera m'mapadi, ndipo mapadi otero satsukika; ayenera kuchotsedwa n'kuikapo ena. Munthu wotsika mapiri a Manenekera pa Great East Road atasenza matumba a chimanga sakhala ndi mpata wokonza cholakwa chimenechi.

Dzimbiri lodetsa nkhawa ndi la galimoto yoimikidwa miyezi, monga zimachitikira m'dzinja misewu ya kumunda ikasanduka matope. Ikakhala paudzu wonyowa, kapena m'shedi momwe mwatayikira feteleza, amene amakoka chinyezi ndi kudya chitsulo, dzimbiri limakumba timaenje pa disiki. Mukaponda buleki phazi limamva kugunda, chiwongolero chimanjenjemera, mwina galimoto imakokera mbali imodzi. Zimenezi zikapitirira mutayenda makilomita angapo, pitani kwa makanika akapime kuchindikala kwa disiki. Malire ake amadindidwa pa disiki pomwepo m'mamilimita. Yopyapyala kuposa pamenepo si yopala ayi, ndi yotaya.

Choncho galimoto yapafamu iziyendako kamodzi pamlungu, ngakhale kungofika pachipata n'kubwerera. Ngati iima nthawi yaitali, ikhale pamalo athyathyathya ndi ouma, ili m'giya, miyala itatsekereza magudumu. Buleki yamanja isiyidwe yomasula, chifukwa mabuleki akumbuyo nawonso amamatirira ndi dzimbiri, n'kukana kumasuka tsiku lopita kumsika.