Kompyuta zakale: adalira malo, adaliranso matope

Aliyense amene adaonererapo belo la kaunjika likutsegulidwa pamsika wa Lizulu kapena ku Mponela amadziwa mmene zimakhalira. Belo limaoneka laling'ono, koma mwini wake akangodula zomangira, zovala zimafufuma mpaka kudzaza mphasa yonse. Munthu amachita kudabwa kuti katundu yenseyo adakwana bwanji mmenemo.

Nzeru yotsendera katundu motereyi idagwirapo ntchito m'makompyuta. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anthu miyandamiyanda ankatsendera makalata, maakaunti ndi zolemba zawo zina kuti zikwane m'makina omwe adali ndi malo ochepa. Ambiri zidawathandiza, koma ena adataya ntchito ya chaka chathunthu m'kanthawi kochepa.

Nkhaniyi si mbiri chabe. Makompyuta ambiri adafika m'dziko muno atagwirapo kale ntchito kunja, ndipo ena akadali m'zipinda zosungira katundu m'masukulu, m'maparishi ndi m'maofesi. Wotsegula kompyuta yotere lero atha kupeza fayilo imodzi yokha yaikulu, ya dzina losamveka, n'kuganiza kuti ndi zinyalala. Akaifufuta, ndiye kuti wataya zonse zomwe zidasungidwamo.

Malo adali golide

Cha m'ma 1990, kompyuta yapaofesi inkabwera ndi hard disk, chipangizo chosungira zinthu, ya ma megabyte 20, 40 kapena 80. Disiki ya ma megabyte 40 ingadzaze ndi zithunzi khumi ndi zingapo chabe zojambulidwa pafoni ya masiku ano. Kugula disiki yokulirapo kunkadya madola mazanamazana a ku America, pomwe mapulogalamu ankangokulirakulira chaka ndi chaka.

Apa mpamene kampani ya Stac Electronics ya ku California, m'dziko la America, idaonera mwayi. M'chaka cha 1990 idatulutsa pulogalamu yotchedwa Stacker, yomwe inkalonjeza kuchulukitsa malo a m'disiki kawiri popanda kugula chipangizo china.

Padalibe matsenga. Muzolemba za anthu, mawu ambiri amabwerezedwabwerezedwa. M'kaundula wa sukulu, mwachitsanzo, mawu oti "Sitandade" atha kupezeka kokwana 500. Pulogalamu yotsendera imalemba mawuwo kamodzi, ndipo pena paliponse pomwe abweranso imangoikapo kachizindikiro kolozera pomwe adalembedwa koyamba. Munthu akafuna kuwerenga, pulogalamuyo imabwezeretsa zonse mwakale mosachotsa ngakhale chilembo chimodzi. Luso limeneli maziko ake ndi ntchito ya akatswiri awiri a ku Israel, Abraham Lempel ndi Jacob Ziv, yomwe adaisindikiza mu 1977.

Stacker idayenda malonda, ndipo makampani ena adatsatira. Pulogalamu yoyendetsera kompyuta ya DR DOS 6.0, yomwe idatuluka mu 1991, idabwera ndi yakeyake yotchedwa SuperStor. Kampani ya Microsoft, yomwe MS-DOS yake inkayendetsa makompyuta ochuluka padziko lapansi, idakambirana ndi Stac koma sadamvane. M'mwezi wa March 1993, Microsoft idatulutsa MS-DOS 6.0 ili ndi pulogalamu yotsendera yotchedwa DoubleSpace, yomwe idachokera ku luso la kampani ina ya Vertisoft.

Katundu yense m'belo limodzi

Koma walira mvula walira matope. Gwero la mavuto lidali mmene mapulogalamuwa ankasungira zinthu.

DoubleSpace sinkatsendera fayilo iliyonse payokha. Inkatenga mafayilo onse a m'disiki n'kuwalongedza m'fayilo imodzi yaikulu yobisika yotchedwa DBLSPACE.000. Ya Stacker inkatchedwa STACVOL. Kenaka pulogalamuyo inkapusitsa kompyuta kuti izitenga fayilo imeneyi ngati disiki yeniyeni, n'kuipatsa dzina la C. Disiki yeniyeniyo inkapatsidwa chilembo china, kawirikawiri H.

Izi zikutanthauza kuti katundu yense wa munthu adali m'belo limodzi. Padisiki wamba, kachigawo kamodzi kakaonongeka, kawirikawiri imavulala ndi fayilo imodzi. Padisiki yotsenderedwa, kuonongeka kwa kachigawo kosunga mndandanda wa zomwe zili m'belomo kunkatha kusokoneza mafayilo ambirimbiri nthawi imodzi.

Vuto lidakula chifukwa cha pulogalamu ina ya MS-DOS yotchedwa SmartDrive. Pofuna kuti kompyuta izithamanga, iyo inkayamba yasungiza zinthu pambali kwa kanthawi isanazilembe padisiki. Munthu ankaona ngati ntchito yatha n'kuthimitsa makina, osadziwa kuti zina zidali zisanalembedwe. Magetsi akathima mwadzidzidzi, zotsatira zake zidali zomwezo. Kwa anthu okhala kumadera omwe magetsi amathimathima, ngozi imeneyi idali ya tsiku ndi tsiku.

Patangopita miyezi yochepa MS-DOS 6.0 itatuluka, magazini olemba za makompyuta monga InfoWorld adayamba kulemba za anthu omwe adataya zinthu zawo. Kumapeto kwa 1993, Microsoft idatulutsa MS-DOS 6.2. Mmenemo mudali ScanDisk, yomwe inkayamba yayeza disiki isanatsenderedwe, komanso DoubleGuard, yomwe inkalondera kuti pulogalamu ina isasokoneze DoubleSpace. SmartDrive nayo adaikonza kuti izimaliza kulemba zonse isanalole munthu kulamula china. Adaonjezeranso njira yomasulira disiki kuti ibwerere mwakale, chinthu chomwe mu 6.0 mudalibe.

Kuika kwake kudali chintchito

Ngakhale kwa amene sadataye kanthu, kukhala ndi disiki yotsenderedwa kunkafuna kudekha.

Choyamba chidali memory, malo omwe kompyuta imagwirirapo ntchito ikayatsidwa. Mapulogalamu a DOS ankaphangirana ma kilobyte 640 okha, ndipo DoubleSpace inkadyapo ma kilobyte makumi angapo. Masewero ndi mapulogalamu ena akuluakulu ankangokana kutseguka ati malo achepa. Mankhwala ake adali kulemba mzere wina m'fayilo ya CONFIG.SYS wosamutsira DoubleSpace kumalo apamwamba a memory, kapena kugwiritsa ntchito pulogalamu ya MemMaker. Wolakwitsa chilembo chimodzi pamzerewo ankapeza kuti palibe chasintha.

Chachiwiri chidali Windows 3.1. Iyo inkasunga fayilo yapadera yothandizira memory ikachepa, ndipo fayilo yokhazikikayo sinkaloledwa kukhala m'disiki yotsenderedwa. Munthu ankayenera kusiya malo okwanira kudisiki yeniyeni ija ya H. Amene adatsendera disiki yonse mwaumbombo ankachita kubwerera kukachepetsa belo.

Chachitatu, kompyuta inkanena zongoyerekeza pa za malo otsala. Inkawerengera ngati chilichonse chitsendereka ndi theka. Makalata ndi maakaunti ankatsenderekadi, koma zithunzi za mtundu wa JPEG ndi GIF komanso mafayilo a ZIP amakhala atatsenderedwa kale, sangafinyikenso. Kompyuta inkatha kunena kuti kwatsala ma megabyte 20, koma munthu poikamo zithunzi za ma megabyte 12 n'kuuzidwa kuti disiki yadzaza.

Chachinayi chidali ma floppy, timadisiki tonyamula m'thumba ta ma megabyte 1.44. Kompyuta ikakana kuyaka, amisiri ankailiza pogwiritsa ntchito floppy. Koma ngati m'floppymo mudalibe fayilo ya DBLSPACE.BIN, yomwe ndiyo kiyi wotsegulira belo, mmisiri ankangoona chifayilo chimodzi chachikulu basi. Floppy nayo inkatheka kutsenderedwa, koma wopita nayo pakompyuta yopanda DoubleSpace ankangopezamo kakalata kotchedwa READTHIS.TXT komuuza kuti zinthu zake sizingaoneke pamenepo.

Padalinso mapulogalamu akale okonzera ndi kusanja madisiki omwe adalembedwa kutsendera kusanabwere. Ena mwa iwo sankadziwa kuti C si disiki yeniyeni, ndipo pofuna kukonza ankaononga.

Mlandu wa ku Los Angeles

Anthu ali mkati molimbana ndi mavutowa, makampani awiri aja adali kukhoti. Stac, motsogozedwa ndi mkulu wake Gary Clow, idasumira Microsoft kumayambiriro kwa 1993 ponena kuti DoubleSpace idagwiritsa ntchito luso lomwe Stac idalembetsa kuboma kuti ndi lake.

M'mwezi wa February 1994, bwalo la milandu mumzinda wa Los Angeles lidagamula kuti Microsoft ilipire Stac chipukuta misozi cha $120 miliyoni. Koma nayo Stac idapezeka yolakwa pofufuza ndi kugwiritsa ntchito chinsinsi cha mmene MS-DOS 6 inkatsegulira DoubleSpace kompyuta ikangoyatsidwa, ndipo idalamulidwa kulipira Microsoft $13.6 miliyoni. M'mwezi wa June chaka chomwecho, awiriwa adagwirizana kunja kwa khoti, Microsoft n'kugula masheya mu Stac komanso kulipira kuti izigwiritsa ntchito lusolo.

Chigamulochi chidasiya chisokonezo kwa ogula. Microsoft idatulutsa MS-DOS 6.21 yopanda pulogalamu yotsendera. Patangopita miyezi yochepa idatulutsanso MS-DOS 6.22 yokhala ndi pulogalamu yatsopano yotchedwa DriveSpace, yomwe katsenderedwe kake kadali kosiyana ndi ka DoubleSpace, ndipo belo lake linkatchedwa DRVSPACE.000. Pasanathe chaka ndi theka, padali mitundu inayi ya MS-DOS 6, ndipo mmisiri ankayenera kudziwa kuti kompyuta yomwe ili patsogolo pake ili ndi uti asanaigwire.

Windows 95 idabwera ndi DriveSpace, ndipo phukusi loonjezera la Microsoft Plus! lidabweretsa DriveSpace 3. Iyi inkatsendera kwambiri ndipo belo lake linkafika ma gigabyte awiri, pomwe zakale zija zinkalekezera pa ma megabyte 512. Komabe disiki yotsenderedwa ndi DriveSpace 3 sinkawerengeka pa MS-DOS 6.22.

Imfa ya mapulogalamuwa idabwera mwakachetechete. Kuyambira mu 1996, Microsoft idabweretsa kasanjidwe katsopano ka madisiki akuluakulu kotchedwa FAT32, komwe DriveSpace sinkagwira nako ntchito. Pa Windows 98, munthu ankayenera kusankha chimodzi, kutsendera kapena FAT32. Windows NT, Windows 2000 ndi Windows XP sizinkawerenga n'komwe madisiki a DoubleSpace ndi DriveSpace, kotero wofuna kusamukirako ankayamba wamasula disiki yake. Kumasulako kunkafuna malo, chinthu chomwe munthuyo adalibe kuchokera pachiyambi.

Pofika nthawiyo madisiki adali atakula ndi kutsika mtengo moti kutsendera kudasiya kukhala kwaphindu. Stac idatembenukira kumalonda ena, idasintha dzina kukhala Previo, ndipo idatsekedwa mu 2002.

Wopeza kompyuta yakale atani?

Kwa mphunzitsi wamkulu, mlembi wa mpingo kapena mwana yemwe wapeza kompyuta ya malemu bambo ake, phunziro lake ndi losavuta. Akatsegula disiki yakale pakompyuta yamakono n'kupeza fayilo yaikulu ya dzina loyamba ndi DBLSPACE, DRVSPACE kapena STACVOL, asaifufute, asaisinthe dzina, ndiponso asalole kuti disikiyo ifufutidwe yonse n'cholinga choikamo Windows yatsopano. Popeza fayiloyi imakhala yobisika, disiki itha kuoneka ngati mulibe kanthu pomwe kompyuta ikunena kuti njodzaza. Chimenecho ndi chizindikiro choti muli belo.

Choyamba ndi kukopera fayiloyo, kapena disiki yonse, pachipangizo china, n'kumagwira ntchito ndi kopeyo. Madisiki ambiri a nthawi imeneyo ndi a mtundu wa IDE, ndipo pali tizipangizo towalumikizira ku USB. Ngati kompyuta yakaleyo ikuyakabe, njira yachidule ndi kukopera mafayilo ofunika kuchokera mu C momwemo, chifukwa pokopedwa amatuluka atamasuka kale. Ngati siyikuyaka, mmisiri wodziwa ntchito atha kuyendetsa MS-DOS 6.22 kapena Windows 98 mkati mwa kompyuta yamakono kudzera m'mapulogalamu monga VirtualBox, n'kutsegulira belolo mmenemo. Belo la Stacker limafuna Stacker yemwe.

Kutsendera pakokha sikudathe. Windows ya masiku ano imathabe kutsendera, koma imatero fayilo iliyonse payokha, moti imodzi ikaonongeka zinzake zimapulumuka. Amene adagwiritsapo ntchito Windows XP angakumbukire mayina a mafayilo olembedwa mobiriwira ngati thambo. Amenewo adali otsenderedwa.

Chomwe sichidasinthe ndi khalidwe la anthu. Lero foni ikadandaula kuti malo atha, ambiri amathamangira pulogalamu iliyonse yolonjeza kuwapezera malo, asanasunge zithunzi za ukwati kapena za satifiketi pena pake. Amene adapulumuka mu 1993 sadali odziwa kwambiri makompyuta ayi. Adali aja omwe adayamba akopera zinthu zawo pama floppy asanalole DoubleSpace kugwira disiki.