Kachitsulo kamene kanaimitsa chigayo chathu

Ndimaphunzitsa za ulimi pa sekondale ina yoyendera imene yazunguliridwa ndi minda ya tiyi kuno ku Thyolo. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi ili ndi chigayo chaching'ono, ndipo ndalama zake timagulira makope, sopo ndi yunifomu ya ana ovutika, ambiri mwa iwo a makolo othyola tiyi. Teremu yathayi chigayocho chinaima miyezi iwiri chifukwa cha kachitsulo kosadzaza n'komwe chikhatho: bushi yokhala pakati pa shafiti ndi pule inatha.

Ndinayambira pafupi. Owotcherera a ku Bvumbwe ndi ku Luchenza ndi akatswiri pa zitseko ndi mawindo, koma anandiuza mosabisa kuti ntchito imeneyi imafuna makina a lathe, omwe amazunguza chitsulo n'kumachipala mpaka muyeso ukwane. Mmodzi anayesa kuwotcherera bushi yakaleyo. Inagwira masiku atatu, kenako inayamba kugwedeza shafiti.

Ndinakwera minibasi ya ku Limbe. Pa kampani ina yaikulu anandilandira bwino, koma mtengo wa bushi imodzi unaposa zimene chigayo chimapeza pamwezi. Poyamba ndinaona ngati akundibera. Mmisiri wina ndiye anandimasulira kuti chodula si chitsulo ayi, koma nthawi yoyeza ndi kutchera makina, ndipo nthawiyo ndi yofanana kaya ukupanga chimodzi kaya khumi. Anawonjezera kuti zitsulo ndi mipeni ya makinawo n'zochokera kunja, ndipo zinakwera kwambiri ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Safunsa anadya phula. Amene anandithandiza ndi kholo la mwana wa Fomu 3. Anandilozera kwa bambo wina wachikulire ku Ndirande, yemwe anagwira ntchito zaka zambiri m'shopu ya makina pa esiteti ina ya tiyi. Ali ndi lathe yakale m'kashedi ka malata. Anayeza shafiti ndi bowo la pule pogwiritsa ntchito vernier caliper, n'kulemba mamilimita pakatoni.

"Aphunzitsi, musagule imodzi. Kafunseni anzanu a zigayo," anatero.

Ndinapezadi eni zigayo awiri a makina ofanana ndi athu. Tinaitanitsa mabushi asanu ndi limodzi, ndipo mtengo wa iliyonse unatsika kwambiri. Kuzimazima kwa magetsi kunatichedwetsa, koma chigayo chinalira.

Kwa amene angakumane ndi vuto ngati langali: nyamulani chitsulo chakale pamodzi ndi chimene chimalowamo, funsani mtundu wa chitsulo chimene agwiritse ntchito, perekani theka la ndalama poyamba, ndipo yesani katunduyo musanamalize kulipira.

Komabe funso limandivuta. Tiyi wakhala akulimidwa kuno zaka zoposa 100. Esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923. Mafakitale a tiyi aphunzitsa amisiri ambiri, ndipo yunivesite ya MUST ili konkuno ku Ndata. Nanga bwanji munthu wa ku Makwasa ayende mpaka Blantyre chifukwa cha bushi imodzi? A TEVETA ndi khonsolo ya boma lino ataganizira zoika lathe imodzi pa Thyolo boma, amisiri opuma ntchito n'kumaphunzitsirapo achinyamata, ana anga a Fomu 4 akanapeza luso lodyera, ndipo zigayo zathu sizikanagona miyezi iwiri.