Rauta ya pakhomo: yambani ndi nyumba yanu, manambala a pabokosi pambuyo

Kukada, m'nyumba zambiri za ku Area 25, Chilobwe kapena Chibavi mumamveka dandaulo limodzi: netiweki yavuta. Mwana wa Folomu 4 akufuna mapepala akale a mayeso a MSCE, mayi akudikira mwana wawo wa ku Johannesburg ayimbe pa WhatsApp, bambo maso ali pa mpira, ndipo onsewa akudalira foni imodzi yomwe yagawa intaneti mpaka yatentha. Apa m'pamene banja limagwirizana zogula rauta. Ambiri akafika m'sitolo amaloza ya tinyanga tambiri ndi nambala yaikulu pabokosi. Ndalama zimapita, vuto n'kutsala.

Nambala ija, kaya ndi AC1200 kaya AX3000, sikuuzani liwiro la intaneti yanu. Imangonena mphamvu ya rautayo polumikizana ndi mafoni a m'nyumbamo. Mpopi ukule bwanji, madzi otuluka ndi omwe abwera m'paipi. Ndiye funso loyamba n'lakuti intanetiyo ilowa bwanji pakhomo.

Kwa mabanja ambiri njira ndi rauta ya 4G yolowa simukhadi ya TNM kapena Airtel. Musanatulutse ndalama, tengani mafoni a makampani onse awiri muyende nawo m'nyumba monse, pawindo, kuchipinda, pakhonde. Yesani cha m'ma 8 koloko usiku, nthawi yomwe anthu achuluka pa nsanja ya netiweki, chifukwa netiweki ya m'mawa imanamiza. Funsaninso wogulitsa ngati rautayo imalola simukhadi iliyonse, poti zina zotchipa zimakhala zokhomedwa ku kampani imodzi. Kumene kwafika faiba, kampani imabwera ndi kabokosi kake. Starlink, yomwe idayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, imathandiza kumafamu ndi kumadera opanda nsanja, koma mbale yake imadya magetsi ochuluka kangapo kuposa rauta wamba.

Nkhani ya magetsiyi ndiye yofunika kuiganizira mofatsa, ngakhale ogulitsa saitchula kawirikawiri. Tonse tikukumbukira mdima wa mu 2022, namondwe Ana ataononga damu la Kapichira pa Shire. Magetsi akathima, nsanja zambiri zimagwirabe ntchito pa mabatire kapena majenereta, koma rauta yanu imazima pompo. Mwayi wake, rauta zambiri za pakhomo zimayendera 12V ndipo zimadya mawati khumi kapena kuposerapo pang'ono. Kabatire kaja amati mini UPS kamaisunga yoyaka kwa maola angapo. Pogula, tembenuzani chaja cha rautayo muwerenge mavoti olembedwapo, muonenso ngati kamutu ka waya kakulowa bwino. Ine ndingasankhe rauta yapakatikati yokhala ndi batire kusiyana n'kuthera ndalama zonse pa yapamwamba yomwe izikhala chete tsiku lonse. Nyengo ya dzinja, mphenzi ndi magetsi obwera mwamphamvu zimaotcha zipangizo. Soketi yoteteza imathandiza, koma kukayamba kung'anima, zulani pulagi.

Kenaka makoma. Rauta zambiri za masiku ano zimaulutsa pa 2.4 GHz ndi 5 GHz. Ya 5 GHz ndi yothamanga koma njerwa zootcha ndi konkire zimaifooketsa msanga. Ya 2.4 GHz imafika patali, kungoti m'nyumba zoyandikana za lendi imapikisana ndi marauta a anansi. Gulani yokhala ndi zonse ziwiri. Wi-Fi 6, yomwe idatuluka mu 2019, imapirira bwino mafoni akachuluka, koma banja la anthu asanu Wi-Fi 5 imalikwanira.

M'nyumba zambiri rauta mumaipeza m'kabati ya pabalaza, kuseri kwa TV, pansi pa kansalu koluka, mbale zagalasi zitaizungulira. Pamenepo yabanika. Itulutseni, muiike pamwamba, chapakati pa nyumba, kutali ndi firiji ndi zitsulo. Ngati ndi ya simukhadi, iyandikire windo lomwe netiweki inakoka bwino usiku uja. Kanyumba ka kuseri kapena gulosale ya pageti musaifikire pogula rauta yaikulu. Kokani waya wa Cat6, womwe umagwira bwino mpaka mamita 100, muikeko karauta kachiwiri.

Rautayo ikayaka, sinthani mapasiwedi awiri: ya Wi-Fi, ndi yolowera mu rauta momwemo, yomwe pa zambiri imabwera ili admin basi. Sankhani chitetezo cha WPA2 kapena WPA3. Kuno kwathu kumana mnansi pasiwedi n'kovuta, ndipo m'posafunika kudana. Tsegulani netiweki ya alendo, muichepetsere liwiro, muzisintha pasiwedi yake mwezi ukatha.

Bandulo nayo imatha modabwitsa rauta ikafika. Foni ikaona Wi-Fi imayamba yokha kukonzanso mapulogalamu ndi kutumiza zithunzi ku Google Photos, pomwe Netflix ya HD imatha kudya mpaka 3GB pa ola limodzi. Tsiku loyamba lomwelo khalani pansi ndi ana, mutenge foni iliyonse, muzimitse zodzikonza zokha, mutsitse makanema a YouTube pa 480p, ndipo mugwirizane nthawi yomwe Wi-Fi izizima kuti a sukulu agone.