Kodi Msilamu wodwala khansa angamwe morphine?

Khansa ikafika patali, chimene chimamuzunza wodwala usana ndi usiku ndi ululu. Ku Chiradzulu, bungwe la Médecins Sans Frontières lakhala likuthandiza kuyeza amayi khansa ya khomo la chiberekero kuyambira mu 2018, ndipo ofunika chithandizo chachikulu amatumizidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Ena mwa amene matendawa apezeka mochedwa amabwerera kumudzi ndi botolo la morphine. Apa abale amatifunsa ife aphunzitsi: kodi mankhwalawa sali m'gulu la zoledzeretsa zimene Shariya idaletsa?

Tiyambe tawadziwa mankhwalawo. Mu 1986 bungwe la zaumoyo la WHO lidakhazikitsa makwerero atatu othetsera ululu wa khansa. Ululu wochepa, wodwala amapatsidwa mankhwala monga paracetamol, ukakula, codeine, ukafika posapiririka, morphine. Morphine amachokera ku opium, utomoni wa chomera cha poppy. Wamadzi uja amamwedwa maola anayi aliwonse, osadikira kuti ululu uyambirenso. Amadzimbitsa m'mimba, choncho dokotala amaperekanso mankhwala ofewetsa chimbudzi.

Nkhaniyi si yachilendo m'mbiri ya Chisilamu. Ibn Sina, m'buku lake la zamankhwala limene adamaliza mu 1025, adaika opium pakati pa mankhwala amphamvu opha ululu, nachenjeza za kuopsa kopyola muyeso. Imam An-Nawawi wa madh-hab a Shafi'i, amene adamwalira mu 1277, adagamula kuti munthu wofunika kudulidwa dzanja lowola akuloledwa kumwa chochotsa nzeru kuti asamve kupweteka. Maziko ake ndi lamulo la dharura: vuto lalikulu limatsegula khomo la choletsedwa, koma mwa mlingo wa vutolo.

Choncho morphine ndi wololedwa ngati wamulemba ndi dokotala wodziwa ntchito yake, mankhwala ofooka alephera, ndipo muyeso ukutsatidwa. Kumugulitsa kapena kugawira wina ndi haramu. Kuonjezera muyeso ndi cholinga chofulumizitsa imfa ndi haramu yaikulu, pakuti mwini moyo ndi Allah.

Ena amaganiza kuti kukana mankhwala ndiye sabr. Ayi ndithu. Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adatilamula kufunafuna mankhwala, ndipo sabr ndi kusanyinyirika ndi chikonzero cha Allah. Wodwala amene ululu wamuchepera amatha kuswali chokhala kapena chogona, kuchita dhikr ndi kusiya wasiya wake ali ndi nzeru zake. M'mwezi wa Ramadhan asadumphe mankhwala. Ngati palibe chiyembekezo chochira, apereke fidya podyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse.

Tikapita kukazonda wodwala, timuchitire dua, kenako timufunse ngati akupeza tulo. Ngati ululu sukumugonetsa, kapena botolo latsala pang'ono kutha, tilimbikitse womusamalira kupita ku chipatala cha boma cha Chiradzulu msanga. Allah ndiye wodziwa kwambiri.