Kuona m'kati mwa batire osaliphwanya

Kuno ku Thyolo, m'nyumba za anthu othyola tiyi, foni zambiri timatchajira sola. Batire likafa timangolitaya, koma ine ndikufuna ndifotokoze zimene zimachitika m'kati mwake. Likamatchajidwa mothamanga, makamaka kukazizira kwambiri, lithium amaundana n'kumera ngati minga. Mingayo ikaboola kansalu kolekanitsa mbali ziwiri za batire, moto ungabuke.

Nanga mingayo tingaione bwanji? X-ray, yonga ya kuchipatala ija, imaonetsa bwino zitsulo zolemera monga kopa, koma lithium, pokhala wopepuka, imangomudutsa. Ma neutron ndiwo samuphonya, chifukwa iye amawameza. N'chifukwa chake ku Institut Laue-Langevin, mumzinda wa Grenoble ku France, amazunguza batire pang'onopang'ono akulijambula ndi njira ziwiri zonsezi, kenaka kompyuta imalumikiza zithunzizo n'kuonetsa pamene lithium waundana.